Nsomba Yokhala Kumtunda kwa Makoma: Mafunso ndi Mayankho pa za Apache Trout

Kumayambiriro kwa Sepitembala 2024, mumzinda wa Mesa m'chigawo cha Arizona ku America, Deb Haaland, yemwe panthawiyo anali nduna yoona za malo a boma ndi zachilengedwe, analengeza kuti nsomba yotchedwa Apache trout yachotsedwa pamndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi yotheratu. Dzina lake linakhala pamndandandawo kuyambira mu 1967. Mwa mitundu yonse ya trout ya ku America, iyi ndiyo yoyamba kuchotsedwapo chifukwa choti yachulukanso. Nkhani yake ndi yosangalatsa, koma ili ndi mbali zina zomwe sizimveka bwino pakati pa nthungululu.

Kodi Apache trout ndi nsomba yotani, ndipo kwawo n'kuti?

Ndi nsomba ya m'madzi ozizira a m'mapiri, mbale wake wa salmon. Thupi lake ndi lachikasu chonyezimira, mawanga akuda ali mbwee kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo zipsepse zake zina zili ndi nsonga zoyera. Chizindikiro chomwe asodzi amaizindikira nacho msanga chili m'diso: mbali zonse ziwiri za mwanadiso kuli kadontho kakuda, moti imaoneka ngati wina waijambula mzere wodutsa pakati pa diso. M'timitsinje ta kwawo sikula kwenikweni. Zambiri sizipitirira masentimita 25, ngakhale kuti zoleredwa m'madamu zimatha kufika theka la mita.

Kwawo ndi kumapiri a White Mountains, kum'mawa kwa Arizona, m'magwero a mitsinje ya White, Black ndi Little Colorado. Mwachilengedwe sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Tikamva za Arizona timaganiza za chipululu ndi dzuwa loswa mtengo, koma mapiri amenewa ndi aatali zedi. Nsonga ya Mount Baldy imapitirira mamita 3,400, kutalika kuposa Sapitwa, ndipo m'nyengo yozizira imakutidwa ndi chipale chofewa. Nsombayi imakhala kuyambira pamamita 1,800 kupita kumtunda, m'timakwawa ta madzi oyera todutsa m'nkhalango za paini ndi m'madambo a udzu. Imadya tizilombo ta m'madzi ndi tina togwa kuchokera m'mitengo. Chipale chikasungunuka, pakati pa Malichi ndi Juni, yaikazi imakumba kadzenje m'nsangalabwi ndi mchira wake, n'kuikiramo mazira, yaimuna n'kuthirapo mbewu, kenako dzenjelo limakwiriridwa. Mazirawo amapuma mpweya wa m'madzi oyenda pakati pa timiyalato. Matope akatseka timipatato, mazira amafera momwemo.

Asayansi anachedwa kuizindikira. Atatola zoyamba m'zaka za m'ma 1870 anaziyesa mtundu wina wa cutthroat trout. Robert Rush Miller, katswiri wa nsomba wa ku University of Michigan, ndiye anailemba ngati mtundu woima pawokha mu 1972, n'kuipatsa dzina la mtundu wa anthu omwe imakhala m'dziko lawo. Mu 1986 Arizona inaisankha kukhala nsomba yoimira chigawocho.

Chinaigwetsa m'mavuto n'chiyani? Kusodza mopyola muyeso?

Ndiko kunayambitsa. Azungu atayamba kukhazikika m'mapiriwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anapeza timitsinje tili todzaza, ndipo ankawedza mazanamazana paulendo umodzi n'kumazithira mchere m'migolo. Ng'ombe ndi nkhosa zinabwera nawo limodzi. Zinaponda magombe mpaka kugumuka, zinadya timitengo tomwe tinkaphimba madzi, ndipo mtsinje womwe unali wopapatiza ndi wakuya unasanduka wotakata, wosaya, wofunda. Odula mitengo analambula misewu, ndipo dothi lake linatsikira m'madzi momwe muja nsomba imaikira mazira.

Komabe chimene chinatsala pang'ono kuimaliza ndi mankhwala omwe anthu anabweretsa pofuna kuchiza vutolo. Ataona kuti nsomba zachepa, aboma ndi okonda kuwedza anayamba kuthira m'mitsinje trout za kwina, zoswetsedwa m'maiwe. Anabweretsa rainbow trout ya kugombe la Pacific, brook trout ya kum'mawa kwa America, ndi brown trout yomwe inafika ku America kuchokera ku Germany mu 1883. Ntchito imeneyi inachitika kwa zaka makumi angapo, ndi mtima wabwino, ndi ndalama za boma, ndipo oichita ankadziona ngati osamalira chilengedwe. Akatswiri amayerekeza kuti kale Apache trout inkapezeka m'mitsinje yotalika pafupifupi makilomita 1,000 tikaiphatikiza yonse. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 yeniyeni inatsala m'makilomita osakwana 50, m'timagwero takumtunda kwenikweni komwe mathithi kapena kuuma kwa mtsinje kunatsekereza alendowo.

Trout ndi trout. Zingawonongane bwanji zili pachibale?

Njira zake ndi ziwiri, ndipo yoopsa kwambiri ndi yomwe sioneka ndi maso.

Brown trout ndi brook trout zimalanda malo ndi chakudya. Izi zimaikira mazira nyengo yozizira isanayambe, choncho ana ake amatuluka msanga. Pamene tiana ta Apache trout tikutuluka m'nsangalabwi, timapeza anzawo akula kale ndipo atenga malo onse abwino obisalamo ndi odikiriramo chakudya. Brown trout ikakula imadyanso nsomba zinzake. Mtsinje womwe yalowamo, m'zaka zochepa eni ake amayamba kusowa.

Rainbow trout siichita kupha. Imakwatirana nayo. Ziwirizi ndi zapachibale chapafupi, zimaswa nyengo imodzi, ndipo ana ake amaberekanso. Mlimi amene anadzalapo chimanga cha makolo moyandikana ndi munda wa haibulidi amadziwa zomwe zimachitika: chaka ndi chaka amakolola ndithu, nkhokwe imadzaza, koma mbewu ija yolimba mumtondo, yosafumbwa msanga, imanka isungunuka mpaka tsiku lina palibe chisononkho chomwe angaloze kuti ichi ndi cha makolo. M'mitsinje ya White Mountains zinali choncho. Msodzi ankapita, n'kugwira nsomba zooneka zachikasu, n'kubwerera kwawo akunena kuti zonse zili bwino. Mtundu unali ukutha nsomba zili mbwee m'madzi. Ndipo kusakanikirana kotere sikubwezeka. Mtsinje wogumuka ungakonzedwe, mitengo ingadzalidwenso, koma magazi akasakanikirana palibe sefa yowalekanitsa.

Anayamba kuiteteza ndani?

Apa mpamene nkhaniyi imasiyana ndi zambiri za mtundu wake. Mu 1955, khonsolo ya mtundu wa White Mountain Apache inatseka usodzi m'timitsinje ta m'dziko lawo momwe nsombayi inali itatsala, makamaka tozungulira Mount Baldy, phiri lomwe kwa iwo ndi lopatulika. Panthawiyo America inalibe lamulo loteteza zamoyo zomwe zikutha. Lamulo loyamba linabwera mu 1966, ndipo lamphamvu lija lodziwika kuti Endangered Species Act linadza mu 1973. Mu 1955 nsombayo inalibe ngakhale dzina m'mabuku a sayansi.

Tisaiwale kuti anthu amenewa anali ndani m'dziko limenelo. Aapache anagonjetsedwa ndi asilikali a America m'zaka za m'ma 1800, natsekeredwa m'chigawo chotchedwa Fort Apache Indian Reservation, chomwe ndi kagawo chabe ka dziko lomwe makolo awo ankayendamo. M'zaka za m'ma 1950 anali atayamba kupeza ndalama kwa alendo obwera kudzawedza ndi kudzagona m'misasa. Kutseka mitsinje kunali kudzimana. Ndipo pafupifupi magulu onse a Apache trout yosasakanikirana omwe asayansi anawapeza pambuyo pake anali m'dziko la Aapache. Nsomba zomwe zabwezeretsedwa m'mitsinje ina ndi zidzukulu za zomwezo.

Owerenga a ku Salima akumbukira kuti pachilumba cha Mbenje, m'dera la Senior Chief Makanjira, mwambo wotseka usodzi m'miyezi ya dzinja unayambanso m'zaka za m'ma 1950 zomwezo, mwa lamulo la mfumu. Kufanana kwake kumathera pamenepo, poti ku Mbenje amateteza utaka ndi nsomba zina kuti ziswane, pamene ku Arizona kutseka kokha sikukanakwana. Mdani anali atalowa kale m'madzi, ndipo lamulo la khonsolo silikanamuletsa kusambira.

Ndiye anachita chiyani kuti alendowo asafike kumtunda?

Anamanga makoma m'mitsinje. Khoma lake si damu losunga madzi. Ndi mathithi ochita kupanga: madzi amadutsa pamwamba n'kugwera pansi patali moti nsomba singalumphe, ndipo pansi pake amayala konkire yotsetsereka kuti pasakumbike dziwe lomwe nsomba ingatengerepo liwiro. Kumunsi kwa khoma kumakhala alendo, kumtunda eni dziko.

Makoma oyamba ambiri anali a miyala yolongedwa m'mabasiketi a waya, ofanana ndi omwe timawaona m'mbali mwa misewu ndi milatho. Anali otchipa ndiponso osavuta kumanga kutchire komwe lole singafike. Koma waya amachita dzimbiri, madzi osefukira amakokolola m'mbali, ndipo tinsomba tating'ono timadutsa m'mipata ya miyala. Kangapo konse ogwira ntchito anapeza brown trout kumtunda kwa khoma, mumtsinje womwe anautsuka ndi thukuta lambiri, n'kuyambiranso pachiyambi. Lero ambiri amamangidwa ndi konkire, mwaukatswiri, pamalo osankhidwa bwino, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. M'mitsinje ina amamanga awiri motsatizana kuti limodzi likalephera linzake ligwire.

Khoma lili ndi vuto lakenso. Nsomba zomwe zili kumtunda zimakhala m'ndende. Sizikumana ndi za mumtsinje wina, magazi amazungulira m'banja limodzi, ndipo chilala kapena moto zikabwera zilibe kothawira. Ndiye chifukwa chake masiku ano akatswiri amakonda kumanga khoma kumunsi ndithu, kuti kumtunda kwake kukhale mtsinje waukulu ndi nthambi zake zingapo zolumikizana, monga momwe akuyesera ku West Fork Black River. Kuipa kwake n'kwakuti dera likakula, ntchito yochotsamo alendo imakulanso.

Nanga alendo omwe anali kale kumtunda anawachotsa bwanji?

Ndi poizoni, ndiponso ndi magetsi.

Poizoni wake ndi wa mitundu iwiri, antimycin ndi rotenone. Rotenone amachokera ku mizu ya zomera za m'gulu la nyemba, ndipo mankhwala a mtundu womwewo ndi amene ali mu ombwe, chomera chomwe anthu kwathu kuno amasinja akafuna kuthira katupe padziwe. Amalowa kudzera m'ziwalo zopumira za nsomba n'kulepheretsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya. Kusiyana kwake ndi katupe wa kumudzi, yemwe lamulo la usodzi ku Malawi limaletsa, kuli pa cholinga ndi pa muyeso. Asanathire amayeza kuchuluka ndi liwiro la madzi, amavuula nsomba za komweko zomwe angathe n'kuzisunga pena, kenako amaika zigubu zodonthetsa mankhwala pamitunda yowerengeka, anthu ena akuyenda ndi mapampu kupopera m'akasupe ndi m'timaiwe ta m'mbali momwe nsomba ingabisale. Kumunsi, pakhoma, amathira potassium permanganate yemwe amapha mphamvu ya poizoniyo, ndipo madzi amasanduka apepo kwa kanthawi. M'timakola ta waya amaikamo nsomba zamoyo zoyesera: za kumtunda zikapanda kufa, ndiye kuti mankhwala achepa, za kumunsi zikafa, ndiye kuti adutsa malire.

Palibe chifukwa chokometsera. Rotenone amapha nsomba zonse, anambulunde, ndi tizilombo tambiri ta m'madzi. Mtsinje umakhala duu kwa kanthawi tizilombo tisanabwerere kuchokera kumtunda ndi m'mbali. Alimi a ziweto ndi anthu ena okhala kumunsi akhala akudandaula za madzi akumwa, ndipo mu 2011 nthambi ya nyama ndi nsomba ya Arizona inakhazikitsa komiti yoti iunike nkhawazo ntchito isanapitirire. Ku South Africa, bungwe la CapeNature linakumana ndi mkangano wofanana pamene linathira rotenone mumtsinje wa Rondegat mu 2012 ndi 2013 pochotsa nsomba yachilendo ya bass, ndipo nsomba za komweko zinabwereramo.

M'mitsinje momwe Apache trout yeniyeni ikukhala limodzi ndi brown trout, poizoni sangagwire ntchito poti angaphe zonse. Mmenemo amagwiritsa ntchito magetsi. Munthu mmodzi amabereka makina a batire, m'manja atagwira ndodo yokhala ndi mkombero wachitsulo kunsonga. Akaviika m'madzi n'kukanikiza batani, nsomba zomwe zili pafupi zimachita dzanzi n'kutembenuka mimba m'mwamba kwa kamphindi. Anzake awiri kapena atatu, atavala zovala za labala zofika m'chifuwa, amazivuula ndi timaukonde. Yachikasu amaiyeza n'kuibwezera m'madzi, yofiirira ya mawanga ofiira sibwereranso. Amayenda chokwera mtsinje, dziwe ndi dziwe, pansi pa mizu ndi zipika, kenako n'kubwerezanso, chaka chino ndi chamawa ndi chinacho. Zaka zoyamba amachotsa mazana. Zaka zomaliza amayenda masiku ambiri kusaka imodzi kapena ziwiri, poti yaimuna ndi yaikazi zikatsala, ntchito yonse ija yapita m'madzi. Ambiri mwa achinyamata omwe agwira ntchito yotopetsayi ndi Aapache eni ake, mogwirizana ndi ogwira ntchito a U.S. Fish and Wildlife Service. Masiku ano amathandizidwa ndi njira yosefa madzi a mumtsinje n'kufufuzamo DNA yomwe nsomba imasiya kudzera m'mamba ndi m'ndowe, kuti adziwe ngati mlendo watsalamo.

Amadziwa bwanji kuti nsomba yomwe akubwezeretsa ndi yeniyeni?

Kale ankadalira maso: mtundu wa thupi, kakhalidwe ka mawanga, kuwerenga mamba ndi mafupa a msana. Lero amadula kachidutswa ka chipsepse, nsombayo n'kuibwezera yamoyo, kachidutswako n'kupita ku labotale.

Kufunika kwa zimenezi kunaonekera ku Colorado, chigawo choyandikana ndi Arizona. Kumeneko anatha zaka zambiri akuswetsa ndi kubwezeretsa greenback cutthroat trout, mpaka anayamba kukamba zoichotsa pamndandanda. Kafukufuku wa majini wa mu 2007 anaonetsa kuti zambiri mwa nsombazo zinali za mtundu wina. Wina wa mu 2012, yemwe anayerekeza nsomba zamoyo ndi zakale zosungidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, anapeza kuti greenback yeniyeni inatsala mumtsinje umodzi wokha, Bear Creek, pafupi ndi Colorado Springs, komwenso sikunali kwawo kwenikweni koma inachita kuthiridwamo ndi anthu. Kusamutsa nsomba kwa zaka za m'ma 1800 ndi 1900 kunasokoneza zinthu mpaka akatswiri omwe anasochera. Apache trout inachita mwayi kuti magulu ake akale anatsekedwa msanga ndipo ankadziwika komwe ali.

N'chifukwa chake pobwezeretsa sangotenga nsomba iliyonse. Mtsinje ukatsukidwa, nthawi zambiri amakatenga nsomba zamoyo kumtsinje wina wakale n'kuzisamutsa m'zigubu za madzi ozizira okhala ndi mpweya, pagalimoto mpaka pothera msewu, kenako pamsana. Cholinga n'chakuti banja lililonse lakale likhale ndi nthambi yake kwina, kuti tsoka likagwa pamtsinje umodzi lisathere pomwepo.

Ngati ili pangozi, bwanji anthu akhala akuiwedza zaka zonsezi?

Mu 1975 boma linaitsitsa kuchoka pagulu la zomwe zatsala pang'ono kutha n'kuiika pagulu la zoopsezedwa, ndipo linaika lamulo lapadera lolola kuiwedza m'malo osankhidwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, malo oswetsera nsomba a Alchesay-Williams Creek, omwe ali m'dziko la Aapache, akhala akuswetsa Apache trout zochuluka zothira m'madamu ndi m'mitsinje momwe anthu amawedza.

Ena amaona ngati kumeneku kunali kugonjera asodzi. Ine ndimaona kuti inali nzeru. Mtsinje womwe kale ankathiramo rainbow trout chaka ndi chaka tsopano amathiramo Apache trout, choncho gwero la kusakanikirana linaphwa popanda kulanda asodzi chisangalalo chawo. Mtundu wa Apache umapeza ndalama pogulitsa ziphaso, ndipo msodzi yemwe wayenda ulendo wautali kudzagwira nsomba yosapezeka kwina kulikonse amasanduka mboni yake. Bungwe la asodzi la Trout Unlimited lili m'gulu la omwe anasaina mgwirizano woisamalira. Koma tisasokoneze: nsomba zothiridwa m'madamu siziwerengedwa pa za kuchira kwa mtunduwo. Zowerengedwa ndi zomwe zikudziswera zokha kutchire.

Ndiye "kuchira" kumeneku kukutanthauza chiyani kwenikweni?

Ndondomeko yobwezeretsa nsombayi inalembedwa mu 1979, n'kukonzedwanso mu 1983 ndi mu 2009. Inaika mulingo womveka: magulu 30 a nsomba zosasakanikirana, zodziswera zokha, m'dera lomwe zinkakhala kale. Pomwe boma limapereka ganizo loichotsa pamndandanda mu Ogasiti 2023, linati magulu 30 akwana, m'mitsinje yotalika pafupifupi makilomita 280.

Kuchoka pa makilomita osakwana 50 kufika pa 280 si masewera. Koma tiike pambali pake 1,000 uja. Mitsinje ikuluikulu ya kumunsi, yomwe inali misewu yolumikiza magulu onse, idakali m'manja mwa alendo ndipo palibe akulota zoilanda yonse. Ena mwa magulu 30 aja ndi aang'ono, okhala m'kamtsinje ka makilomita ochepa. Nambala ya 30 payokha ndi chigamulo cha anthu okhala patebulo, si malire olembedwa m'chilengedwe. Chomwe chachitika n'chakuti mtundu womwe unkatha waima pamalo poti sungathe msanga, malinga anthu apitirize kugwira ntchito. Asayansi ali ndi gulu lomwe amaikamo zamoyo zotere, zodalira chisamaliro mpaka kalekale, ndipo Apache trout ndi chitsanzo chake chenicheni. Khoma limodzi likagumuka osakonzedwa, kapena munthu mmodzi akanyamula brown trout m'ndowa n'kukaithira kumtunda poti amakonda kuiwedza, ntchito ya zaka khumi imafafanizika.

Choopsa kwambiri tsopano n'chiyani?

Moto. Nkhalango za paini za ku Arizona zinazolowera timoto tating'ono tapafupipafupi totentha udzu ndi zinyalala pansi. Kwa zaka pafupifupi 100 boma linkazimitsa moto uliwonse, mitengo inathithikana, ndipo tsopano chilala chikaumitsa nkhalango moto umakwera mpaka kunsonga. Mu 2002 moto wa Rodeo-Chediski unatentha mahekitala pafupifupi 190,000, gawo lalikulu lili m'dziko la Aapache. Mu 2011 moto wa Wallow, womwe unayamba ndi moto wa pamsasa wosiyidwa osazimitsa, unatentha mahekitala oposa 200,000 ndipo unadutsa m'dera lenileni la Apache trout m'nkhalango za Apache-Sitgreaves.

Nsomba zambiri zimapulumuka malawi. Chozipha chimabwera ndi mvula ya mu Julayi ndi Ogasiti. Phiri lopserera silimwa madzi, choncho mvula yoyamba imakokolola phulusa, makala, dothi ndi miyala n'kuzitsanulira m'khwawa. Madzi amasanduka phala lakuda, ziwalo zopumira za nsomba zimatsekeka, maiwe amakwiririka, ndipo m'maola ochepa kamtsinje konse kamakhala kopanda chamoyo. Chigumula chomwecho chimathanso kuswa khoma. Ku New Mexico, moto wa Whitewater-Baldy utabuka mu 2012, ogwira ntchito anathamangira kukavuula Gila trout, mbale wapafupi kwambiri wa Apache trout, n'kuzisamutsira kumalo oswetsera a Mora mvula isanagwe. Chodabwitsa n'chakuti phulusa limapha alendonso, moti mitsinje ina yomwe ikanafuna poizoni inatsukidwa ndi moto womwewo.

Kutentha kwa dziko kukuwonjezera pamenepo. Chipale chikachepa, madzi a m'chilimwe amachepa ndi kufunda, ndipo nsomba yomwe ili kale kumagwero ilibenso kumtunda kokwera. Ndiye chifukwa chake ntchito ina yooneka yaing'ono, monga kumanga mipanda yoletsa ng'ombe ndi mbawala zikuluzikulu za elk kufika m'magombe, kapena kudzala mitengo yopereka mthunzi, ili ndi phindu lalikulu.

Kodi nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno?

Rainbow trout yomwe inasokoneza mitsinje ya Aapache ndi yomweyo yomwe atsamunda anabweretsa paphiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kenako ku Mulanje ndi ku Nyika. Kuno sinapeze mbale woti ikwatirane naye, ndipo kutentha kwa madzi a kumunsi kunaitsekera m'mapiri. Ku Lesotho ndi ku South Africa trout inadya ndi kuthamangitsa tinsomba ta m'mapiri ta komweko, monga Maloti minnow.

Koma phunziro lenileni la ife lili pa nsomba ina: tilapia ya ku Nile. Imakula msanga, alimi a nsomba amaifuna, ndipo oibweretsa ali ndi zifukwa zomveka, monga momwe analili othira rainbow trout ku Arizona. Mumtsinje wa Kafue ku Zambia, yomwe inathawa m'maiwe yasakanikirana kale ndi mitundu ya komweko. Chambo ndi makumba ndi apachibale chapafupi ndi tilapia imeneyi, ndipo n'chifukwa chake boma la Malawi lakhala likukaniza kuiweta m'dera lomwe madzi ake amathira m'nyanja ya Malawi. Ku White Mountains anatha kumanga khoma pakamtsinje koti munthu n'kulumpha, n'kutsuka kumtunda kwake. Panyanja palibe pomanga khoma.

Popeza yachoka pamndandanda, akuiyang'anira ndani?

Lamulo la Endangered Species Act limalamula kuti chamoyo chochotsedwa pamndandanda chiziunikidwa kwa zaka zosachepera zisanu, ndipo chikayambanso kutsika chikhoza kubwezeredwapo. Kupatula apo, mu 2021 mtundu wa White Mountain Apache, nthambi ya nyama ndi nsomba ya Arizona, U.S. Fish and Wildlife Service, U.S. Forest Service ndi Trout Unlimited anasainirana mgwirizano wopitiriza kuyendera makoma, kuwerenga nsomba ndi kuchotsa alendo. Mgwirizanowu unali chimodzi mwa zifukwa zomwe boma linapereka poichotsa pamndandanda.

Nkhawa ya ena ndi ya ndalama. Chamoyo chikakhala pamndandanda chimakhala ndi mawu pogawa bajeti, ndipo aliyense wofuna kulambula msewu kapena kudula mitengo m'malo a boma amayenera kuyamba wafunsa. Chikachoka, chimapikisana ndi zina zonse, pamene konkire wa makoma akupitiriza kukalamba. M'dziko la Aapache, komwe kuli magulu ambiri akale, mphamvu yotsegula kapena kutseka mtsinje ili m'manja mwa khonsolo ya mtunduwo monga mu 1955, ndipo timitsinje ta kumagwero ta Mount Baldy sitinatsegulidwe kwa asodzi. Wofuna kugwira Apache trout amagula chiphaso cha mtunduwo n'kupita kumadamu monga Christmas Tree Lake, kapena amatenga chiphaso cha Arizona n'kukawedza m'mitsinje yololedwa ya m'nkhalango za boma.